Lipoti la wodwala: kusankha choyendera cha mayi wa zaka 64 wa ku Kanyama atadwala sitiroko

Lipoti ili likunena za mayi wa zaka 64 amene ndinawathandiza kuyambira Okutobala mpaka Epulo, atafa ziwalo za mbali yakumanzere chifukwa cha sitiroko. Ndine wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo ndi kuyambanso kuyenda, ndipo ntchito yanga yambiri ndimagwira m'makomboni a kumadzulo kwa Lusaka. Dzina lawo sindilitchula. Iwo ndi mwana wawo wamkazi anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe kuti ithandize anzanga a mafizo, anamwino, odzipereka a zaumoyo m'madera ndi mabanja amene akusamala wodwala wotere. Pamene ndinawaona koyamba, m'nyumba mwawo munali kale zoyendera ziwiri, felemu yogwira ndi manja onse awiri ndi chikuku, koma panali patatha milungu 7 asanapondeko panja.

Mbiri ya wodwala

Kwawo ndi ku Katete. Anabwera ku Lusaka m'zaka za m'ma 1980 ndipo akhala ku Kanyama kuyambira nthawi imeneyo. Ndi amasiye, amakhala ndi mwana wawo wamkazi ndi mdzukulu wa zaka 15 m'zipinda ziwiri za lendi. Asanadwale ankalawira kumsika wa Soweto kukaoda tomato, anyezi ndi repu, n'kumagulitsa pakathebulo m'mbali mwa njira. Anapezeka ndi BP zaka zingapo zapitazo, koma mankhwala ankamwa mutu ukamapweteka, ukaleka nawonso n'kuleka. Izi ndimazimva pafupifupi kwa wodwala sitiroko aliyense, ndipo zimandiwawa, chifukwa BP imawononga mitsempha munthu akudzimva kuti ali bwinobwino. Shuga alibe.

Mu Ogasiti anagwa m'mawa akukoleza mbaula. Pakamwa panapotoka, mkono ndi mwendo wakumanzere zinafooka. Anagonekedwa m'chipatala masiku 9, ndipo atajambulidwa mutu kunapezeka kuti mtsempha wa mbali yakumanja ya ubongo unatsekeka. Anatulutsidwa ndi mankhwala a BP, asipirini ndi kalata yoti azipita ku mafizo. Sanapiteko. Kuchoka pakhomo pawo kukafika pamene galimoto ingaime pali mamita pafupifupi 300 a njira yamiyala, ndipo tsiku lotuluka m'chipatala anafika kunyumba atanyamulidwa pa wilibala, anthu akuonerera. Anakana kuti zimenezo zichitikenso.

Nyumba ndi malo ozungulira

Gawo ili ndalilemba lalitali mwadala, chifukwa ndi limene linalamula zambiri zimene tinasankha. Kanyama anamangidwa pathanthwe, malo ake ndi athyathyathya ndipo madzi apansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa madzi amangoima. Pa chifukwa chimenechi anthu ambiri amakweza pakhomo ndi mzere wa mabuloko kuti madzi asalowe m'nyumba, ndipo zimbudzi amazimanga m'mwamba poti dzenje silingakumbidwe lakuya. Pakhomo pa mayiwa panali chotchinga chotere, chotalika masentimita 20, chofunika kuchilumpha potuluka ndi polowa. Chimbudzi chinali pa mtunda wa mamita 15, cha mabanja anayi, chokwera ndi masitepe atatu osafanana kutalika, opanda pogwira. M'kati mwake ndi monjuta. Pakati pa khomo ndi chimbudzi pali nsonga za miyala zotulukira pansi ndi kangalande kamene amatayiramo madzi otsukira mbale.

M'nyumba ankagona pa matilesi oyala pansi, masana n'kukhala pa chikuku. Kudzuka pansi n'kovuta ngakhale kwa munthu wa miyendo yamphamvu amene wakalamba, ndiye mwana wawo ankawadzutsa powakoka manja onse awiri, wofooka uja ndi womwe. Ndinawafunsa chimene akufuna kuti chitheke poyamba. Anati, "Mwanawanga, za kumsika tizikamba m'tsogolo. Ndifuna ndizipita ndekha kuchimbudzi, mdzukulu wangayu aleke kunditayira ndowa." Chimenechi ndicho tinachilemba ngati cholinga choyamba.

Zimene ndinapeza powayeza

BP inali 168/98. Ankalankhula bwino ndipo ankamva malangizo, koma anali aphuma: ndisanamalize kufotokoza anali atayamba kale kunyamuka. Ankaiwalanso mbali yakumanzere. Mkono unkalendewera pambali pa chikuku iwo osadziwa, ndipo nsima ya kumanzere kwa mbale ankaisiya mpaka wina atembenuze mbaleyo. Zizindikiro ziwirizi zimaoneka kawirikawiri sitiroko ikagwira ubongo wa kumanja, ndipo zimawonjezera ngozi ya kugwa.

Pa muyeso wa mphamvu za minofu wa 0 mpaka 5, ntchafu inali pa 3, minofu yowongola bondo pa 3, yokweza phazi pa 1, phewa pa 2, ndipo zala pa 1, kutanthauza kuti zinkangogwedezeka osafumbata kanthu. Phewa linali litatsika m'malo mwake mpata wa chala chimodzi ndipo linkapweteka likakwezedwa. Phazi lakumanzere silinkamva bwino kukhudzidwa. Kukhala tsonga osagwira kanthu ankatha. Kuima ankatha atagwiridwa, thupi lonse litatsamira kumanja. Pa muyeso wa Berg woona kukhazikika kwa thupi anapeza 21 pa 56. Kumunsi kwa msana, pafupa lokhalira, khungu linali litada ndi kutentha, losabwerera mtundu wake ndikalisindikiza ndi chala, chomwe ndi chiyambi cha chilonda cha kukhalitsa.

Chifukwa chake zoyendera ziwiri zija sizinathandize

Felemu anaigula mwana wawo wamwamuna, ndi ndalama zimene anavutika nazo kupeza. Felemu yopanda mateyala imafuna kuti munthu ainyamule ndi manja onse awiri, aiike patsogolo, kenako aponde. Mayiwa dzanja limodzi silinkafumbata. Akainyamula ndi dzanja lamanja lokha inkapotokera kumanzere, mbali yomwe iwo sankaisamala, ndipo anayesa kangapo n'kuisiya ataona kuti iwagwetsa. Ngakhale manja akanakhala abwino, felemuyo sikanakwera masitepe a chimbudzi, ndipo miyendo yake inayi sikanapeza poponda pofanana pabwalo paja. Felemu ndi yabwino kwa munthu amene wachitidwa opaleshoni ya chiuno kapena wokalamba wofooka miyendo yonse, woyenda pasimenti. Apa inali yosayenera.

Chikuku chinachokera kwa anthu akufuna kwabwino a kumpingo, ndipo chinaperekedwa ndi mtima wachifundo. Koma chinali cha mtundu wokankhira odwala m'makhonde a chipatala: chachikulu kuposa thupi lawo, pokhalira pa nsalu yolendewera, popanda khushoni, timateyala takutsogolo tating'ono totitimira pakamwala kalikonse. Poti chinali chotakata, ankapendekera kumanzere tsiku lonse. Poti chinali chachitali, phazi lamanja silinkafika pansi, choncho sakanatha kudziyendetsa ndi dzanja limodzi ndi phazi limodzi monga amachitira odwala sitiroko ambiri. Anangokhala mmenemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, miyendo ikufookerafookera, khungu likuwonongeka.

Pa nkhani iyi ndili ndi maganizo amphamvu. Lipoti la 2022 la WHO ndi UNICEF, mabungwe a dziko lonse oona za umoyo ndi za ana, linati anthu oposa 2.5 biliyoni padziko lonse amafunika chipangizo chimodzi kapena zingapo zowathandiza, ndipo pafupifupi 1 biliyoni sazipeza. Kusowako n'koona, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake munthu akapeza chikuku amafulumira kuchipereka. Koma malangizo a WHO a 2008 okhudza zikuku m'mayiko osauka amaika kuyeza munthu poyamba, kenako kusankha, kumukhazikamo n'kukonza kuti chimukwane, kumuphunzitsa ndi kumuyenderanso. Kupereka ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 8. Mpingo kapena bungwe limene likufuna kugawa zikuku litenge wa mafizo mmodzi ayende nalo, kapena lifunse malo ngati Disacare muno mu Lusaka, amene amapanga ndi kukonza zikuku zoyenera njira zathu.

Chikukucho sitinachitaye. Tinaika thabwa pansi pa pokhalira kuti pasamalendewere, khushoni pamwamba, ndi pilo wochirikiza mkono, n'kugwirizana kuti chizigwira ntchito ya ulendo wopita kumsewu basi. Felemu inabwerekedwa kwa nkhalamba ina ya mumpingo mwawo imene inkaifunadi.

Zimene tinasankha

Tinayamba ndi pogona. Mlamu wawo anabweretsa bedi, ndipo tinalikweza ndi mabuloko kuti akakhala m'mphepete mapazi azifika pansi, mawondo ali m'munsi pang'ono mwa chiuno. Kalipentala wa pafupi anaboola mpando wathabwa wokhala ndi mikono, pansi pake n'kumaikapo ndowa, kuti usiku asamatuluke. Kukoka mkono wofooka kunaletsedwa tsiku lomwelo. Ndinaonetsa mwana wawo kumanga chitenje m'chiuno mwa amayi ake ngati lamba, kuima kumbali yofooka chakumbuyo pang'ono, ndi kugwira chitenjecho m'malo mwa mkono.

Choyendera choyamba chinali ndodo ya mapazi anayi, yogwira ndi dzanja lamanja. Mabanja ambiri amaganiza kuti ndodo iyenera kukhala kumbali yodwala, ndipo mwana wawo anafunsa chimodzimodzi. Ndodo imagwiridwa kumbali yamphamvu kuti pamene mwendo wofooka wasenza thupi, ndodoyo itengeko katundu kuchokera mbali inayo, ndiponso kuti poponda pakhale potakata. Kutalika kwake tinayeza ataima chilili, atavala nsapato, mkono uli pansi: chogwirira chifike pamzere wa pamfundo ya dzanja, kuti chigongono chipindike pang'ono, madigiri 20 mpaka 30. Kwa iwo anali masentimita 78. Ndodo ikatalika phewa limakwera n'kuyamba kupweteka, ikafupika munthu amawerama. Mapazi a ndodo yotere satuluka mofanana mbali zonse. Mbali yosatuluka iyang'ane kwa munthu, apo ayi amapunthwa nayo.

Kuyenda tinakuphunzira mwa magawo atatu: ndodo, mwendo wofooka, mwendo wamphamvu. Chifukwa cha phuma lija ndinawapempha kuti azitchula mokweza gawo lililonse, ndipo mdzukulu wawo ankawerenga nawo. Pa chotchinga cha pakhomo ndi pa masitepe lamulo ndi lakuti pokwera utsogole mwendo wamphamvu, potsika itsogole ndodo ndi mwendo wofooka. Tinamata kansalu kofiira pamphuthu yakumanzere ya chitseko kuti azikumbuka kutembenuza mutu asanadutse, chifukwa ankagunda phewa pamenepo.

Vuto lachiwiri linali phazi logwa. Zala zinkakwekwereza pansi, ndipo kuti zisakwekwereze ankazungulitsa mwendo wonse kuchokera m'chiuno, zomwe zimatopetsa ndi kupendeketsa thupi. Ndodo yokha siingathetse zimenezi. Ndinawatumiza kukapangitsa sipulinti yapulasitiki yogwira phazi ndi katumba, yochita kuumbidwa pa mwendo wa mwini wake. Mu Lusaka ntchito yotere imachitika kuchipatala chachikulu cha UTH ndi ku St John Paul II Orthopaedic Mission Hospital, ndipo ana amathandizidwanso ku Beit CURE. Podikira, tinkakweza phazi ndi bandeji yotanuka yokulunga mopingasa kuchokera kunsapato kufika pamwamba pa kakolo. Siigwira ngati sipulinti, koma inachepetsa kupunthwa kwa milungu itatu imeneyo.

Sipulinti siivalidwa popanda nsapato, ndipo apa panali mkangano wautali. Mayiwa moyo wawo wonse ayendera patapata. Patapata amafuna kuti zala zimugwire, ndipo phazi lofooka, losamva bwino, limamutaya mwini wake osadziwa. Mwana wawo anapeza pa salaula nsapato zatenesi zomata, zokulirapo saizi imodzi, ndipo tinachotsa kansalu ka m'kati mwa yakumanzere kuti sipulinti ilowe. Unali mwezi wa Novembala, kukutentha kwambiri, ndipo pulasitiki imachititsa thukuta. Anayamba ndi ola limodzi pa tsiku, atavala sokosi yaitali yathonje, nthawi n'kumawonjezeka pang'onopang'ono. Poti iwo sakanamva kukhuzika, ntchito yoyang'ana khungu inali ya mwana wawo madzulo aliwonse, ndi lamulo loti malo akakhala ofiira kapena akuda kupitirira mphindi 20 sipulinti itavulidwa, aileke abwere nayo. Zinachitikadi pafupa lakunja la kakolo. Wopanga sipulinti anaitenthetsa n'kufutukula pamalopo, vuto linatha.

Za chimbudzi zinafuna eni nyumba. Anavomera kuti wowotcherera aike paipi yogwira kumbali zonse ziwiri za masitepe. Mbali zonse ziwiri n'zofunika chifukwa munthu wa dzanja limodzi akagwira kumanja pokwera, potsika dzanja lomwelo limakhala mbali inayo. Mpando woboola uja masana unkanyamulidwa kukaikidwa pamwamba pa dzenje. Sitepe yapansi, imene inali yaitali kuposa zinzake, anaiwonjezera buloko.

Mmene zinayendera

Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi ankafika kuchimbudzi wina ali pambali osawagwira. Khungu la kumsana linachira atangoyamba kuima ndi kusintha kakhalidwe. Pa muyeso wodzuka pampando, kuyenda mamita 3, kutembenuka ndi kukhalanso anatenga masekondi 41. Liwiro lawo pa mamita 10 linali mamita 0.25 pa sekondi, lomwe ndi la munthu woyenda m'nyumba ndi pakhomo chabe.

Dzinja linasintha zinthu. Ndodo ya mapazi anayi imakhazikika pokhapokha mapazi onse anayi atagunda pansi. Pasimenti ya m'nyumba inali yabwino, koma pabwalo, miyala itatulukira ndi dothi litakokoloka, inkagwedera ngati thebulo la mwendo umodzi waufupi. M'matope inkatitimira n'kukanirira. Madzi akadzaza, anthu a ku Kanyama amayala mabuloko ndi matumba amchenga kuti azipondapo, ndipo pa buloko limodzi ndodo yotere siikwanapo pamodzi ndi phazi. Masiku amene bwalo linali m'madzi tinagwirizana kuti asatuluke, agwiritse ntchito mpando wa m'nyumba, ndowa izitsukidwa ndi kolorini, chifukwa dera lino limadziwa bwino kolera. Masewera olimbitsa miyendo anapitirira m'nyumba: kudzuka ndi kukhala pabedi, kusamutsira thupi kumwendo wofooka atagwira zenera, kukwera ndi kutsika pachotchinga cha pakhomo.

Mu Januwale anagwa kamodzi. Kunali madzulo, mvula ikubwera, zovala zili pachingwe, m'nyumba mulibe wina. Anatuluka mothamanga atavala patapata, opanda sipulinti, phazi n'kukodwa pachotchinga. Anasupuka pachiuno koma fupa silinathyoke, ndipo anakhala pansi mpaka mnansi anawamva. Mwana wawo anachita mantha kwambiri n'kufuna kuwabwezera pachikuku. Ndinamumva akuti, "Amama, basi, muzingokhala, ine ndizichita zonse." Ndinakambirana naye nthawi yaitali, chifukwa mantha a wosamala amatha kumuimitsa wodwala kuyenda kuposa matendawo. Tinaphunzira kudzuka pansi: kugubudukira kumbali yamphamvu, kugwada, kugwira mpando, kuponda ndi phazi lamphamvu. Patapata anachotsedwa m'chipinda, ndipo nsapato ndi sipulinti zinayamba kugona pambali pa bedi. Nditayang'ana ndodo ndinapeza kuti mphira ziwiri zakunsi zatha mpaka chitsulo kuonekera. Mphirazi zimatha msanga pamiyala, ndipo banja liyenera kuuzidwa kuti lizizitembenuza n'kuziona mwezi uliwonse. Zenizeni zikasowa anthu amagula mphira za miyendo ya mipando m'mashopu a zomangira. Zimaterera pasimenti yonyowa ndipo zimang'ambika msanga, koma zimaposa chitsulo chosavala kanthu.

Chakumapeto kwa Febuluwale mwendo unali utalimba moti sankatsamiranso kwambiri pandodo, ndipo tinasintha n'kutenga ndodo wamba ya phazi limodzi, yachitsulo chopepuka, yosinthika kutalika. Poyamba anaikana poti inkaoneka yosadalirika. Koma ndodo imeneyi imapeza poponda pakati pa miyala, imalola kuti ndodo ndi mwendo wofooka zipite limodzi, ndipo kuyenda kumafulumira. Ya mapazi anayi inatsala pambali pa bedi, yodzukira usiku, chifukwa imaima yokha osagwa.

Pa kuyeza kwa mu Epulo, muyeso wa Berg unali 43 pa 56, kudzuka ndi kuyenda mamita 3 kunatenga masekondi 19, ndipo liwiro linali mamita 0.55 pa sekondi. Minofu yokweza phazi inafika pa 2, choncho sipulinti ikufunikabe. BP inali 138/86, mankhwala akumwa tsiku lililonse, mdzukulu ndiye amawakumbutsa. Kuchimbudzi amapita okha masana. Amafika kumsewu ndi ndodo, akupuma kamodzi panjira, ndipo masana amakhala pakathebulo kawo kugulitsa, mwana wawo ndiye amakaoda ku Soweto.

Zimene zatsala

Liwiro la pakati pa mamita 0.4 ndi 0.8 pa sekondi limalola munthu kuyenda m'dera lake, koma silikwanira kuwoloka msewu wodzaza magalimoto ngati Los Angeles Road, ndipo ndawauza iwo ndi banja kuti asawoloke okha. Masekondi 19 akusonyezanso kuti ngozi ya kugwa ikadalipo. Kukwera minibasi sitinayambe kuphunzira. Sitepe yake ndi yaitali ndipo makondakitala sadikira. Mkono wachira pang'ono chabe. Phewa lasiya kupweteka, amatha kupanikiza mbale ndi dzanjalo, koma zala sizitola kanthu, ndipo ndawauza mosabisa kuti mwina silidzabwerera mmene linalili.

Banja layamba kulembetsa ku ZAPD, bungwe la boma loona za anthu aulumali pansi pa lamulo la 2012, kuti apeze khadi la ulumali, ndipo ndawalembera kalata yopita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuti awaganizire pa ndalama zothandizira mabanja ovutika. Lamba womata wa sipulinti wayamba kutha ndipo afunika kusinthidwa. Eni nyumba anena kuti akufuna kukweza lendi, ndipo banja likasamuka, mapaipi a kuchimbudzi adzatsala komweko. Ndapempha kuti andidziwitse asanasankhe nyumba ina kuti ndikaone khomo ndi chimbudzi chake. Ndidzawayezanso mu Okutobala, mvula isanayambe, ndipo pa ulendo umenewo tidzasintha mphira za ndodo zonse ziwiri ndi kuyamba kuphunzira kukwera basi pa nthawi imene pasiteji palibe anthu ambiri.